Mgolo ukufuna kufunda, munthu akufuna mpweya: mafunso ndi mayankho pa kalavani ya opopera thovu

Ku Canada ndi kumpoto kwa United States nyumba zambiri n'zamatabwa, ndipo m'nyengo yozizira kunja kumafika madigiri 20 kapena 30 kunsi kwa ziro. Kuti kutentha kusathawe, m'makoma ndi kudenga amaikamo zotchinjiriza, ndipo chimodzi mwa izo ndi thovu la polyurethane limene amachita kupopera. Limatuluka mumfuti lili lamadzimadzi, pakangopita timasekondi latupa n'kuuma. Thovuli silichokera kufakitale lili lopangapanga. Limapangidwira pantchito pomwepo, ndipo fakitale yake ndi kalavani yotseka imene kontirakitala amakoka ndi galimoto. Anthu akamakamba za ntchitoyi amathamangira kuyamika dzanja la wopopera, koma tsiku limakoma kapena kuipa kutengera mmene kalavaniyo yagonera usiku ndi mmene ikupumira masana.

Kodi m'kalavanimo mumakhala chiyani?

Kalavani zambiri zimatalika mamita 5 mpaka 7, m'lifupi sizikwana mamita awiri ndi theka. M'kamalo kameneka amathithikamo migolo ya mankhwala, makina osakaniza, jenereta, kompuresa ndi choumitsira mpweya wake, paipi yaitali yokoleka pakhoma, komanso kathebulo kotsukirapo mfuti.

Mankhwala ake ndi amitundu iwiri. Wina ndi isocyanate, wa mtundu wa MDI, umene ku America amautcha A ndipo kawirikawiri umabwera mumgolo wofiira. Wina ndi B, amene ndi polyol wosakaniza ndi zofulumizitsa, zoletsa moto ndi chotupitsa. Mgolo uliwonse ndi wa malita 208, ndipo ukadzaza umapitirira makilogalamu 200. Ku Ulaya zilembozi nthawi zambiri zimasinthana, A n'kukhala polyol, choncho amene waphunzira ntchito ku Texas n'kukaigwira ku Germany awerenge zolembedwa pamgolo, asadalire chilembo.

Makina osakaniza amatchedwa proportioner, ndipo odziwika kwambiri ndi Reactor a kampani ya Graco ndi a kampani ya PMC. Amakoka A ndi B pa muyezo wofanana, kuwatenthetsa mpaka madigiri 50 kapena 60, n'kuwakankha ndi mphamvu ya 1,000 mpaka 1,500 psi m'paipi imene imatha kutalika mamita 90. Awiriwa amakumana koyamba kukamwa kwa mfuti.

Ndiye onani zimene zaikidwa pamodzi: mankhwala odana ndi kuzizira, odananso ndi kutentha kopitirira ndi chinyezi, injini yofuna mphepo yambiri yozizira, ndi munthu wofuna mpweya woyera. Zofuna zitatuzi siziyendera limodzi.

Makinawo ali ndi mahita akeake. Nanga migolo ifundirenji?

Chifukwa mahita a makina ali ndi polekezera. Titenge Reactor E-30 ya mahita a makilowati 10.2. Ikamathamanga ndi mphamvu zake zonse imakankha makilogalamu 13.6 pa mphindi, ndipo mukawerengetsa mupeza kuti mahitawo angakweze kutentha kwa mankhwala ndi madigiri pafupifupi 25 basi. Mankhwala akachoka mumgolo ali pa 25 amafika pa 50, ntchito n'kuyenda. Akachoka ali pa 8 amathera cha pa 33. N'zoona kuti wopopera sapanikiza mfuti mosalekeza, kotero pantchito yeniyeni zimapepukako, koma malirewo alipo ndithu. Paipi nayo ili ndi waya wotenthetsa, kungoti ntchito ya wayayo ndi kusunga kutentha kumene kwapangidwa kale.

Vuto lina limayamba mankhwala asanafike n'komwe pa hita. Akazizira amalimba, safuna kuyenda. Mapampu olowetsa mumgolo amakoka movutikira, makina aakulu n'kumameza pachabe. Choipa n'chakuti mitundu iwiriyi silimba mofanana: B ndi amene amakonda kutsalira. Muyezo ukasokonekera, thovu limaulula. A akachuluka limakhala lofumbutuka, lophwanyika ukaligwira. B akachuluka limakhala lofewa, lomata, lonunkha, ndipo limafota n'kusiya mpata pakati pa matabwa. Thovu lotero silikonzeka. Limachotsedwa ndi manja, mpanda ndi mpanda, ndipo ndalama zake zimatuluka m'thumba la kontirakitala. Ngakhale zitapanda kufika pamenepo, mgolo wozizira umatulutsa thovu lochepa kuposa wofunda, mtengo wake uli umodzimodzi.

Opanga mankhwala ambiri amalemba kuti migolo isungidwe pakati pa madigiri 10 ndi 27, ndipo popopera ikhale cha pa 21 mpaka 27. Manambala enieni ali papepala la mankhwala amene mwagulawo, ndipo pepalalo liposa chilichonse chimene mnzanu wa kampani ina angakuuzeni.

Ndiye kutenthetsa kwambiri si ndiye bwino koposa?

Apa m'pamene atsopano ambiri amagwa. Thovu lilipo lamitundu iwiri. Lofewa, la timabowo totseguka, limalemera makilogalamu 8 pa kiyubiki mita, ndipo limatupa ndi madzi amene ali mu B. Limeneli silivuta: opanga ena amafuna kuti mgolo wake utenthe kupitirira madigiri 30 ndi kutakasidwa. Lolimba, la timabowo totseka, limalemera makilogalamu 32, ndipo chotupitsa chake ndi mankhwala owira msanga. HFC-245fa, amene anagwiritsidwa ntchito zaka zambiri, amawira pa madigiri 15. Mankhwala a HFC akusiyidwa tsopano potsatira mgwirizano umene mayiko anachita ku Kigali mu 2016, koma olowa m'malo mwake sasiyana kwenikweni pankhaniyi: HFO-1233zd amawira pa 19, HFO-1336mzz pa 33.

Popeza chotupitsacho chinasungunuka mu polyol, sichithawa pa manambala omwewo ndendende. Koma mgolo ukapitirira cha pa madigiri 30, mkati mumadzaza mphamvu, chivindikiro chimafufuma, ndipo amene atsegule mothamanga amasamba thovu kumaso. Chotupitsa chimene chathawa sichibwereranso. Mgolo wotero amautsegula pang'onopang'ono, nkhope itatchingidwa, ndipo ngati wafufuma amayamba wauziziritsa.

Jenereta imatulutsa kutentha kwaulere. Bwanji osangoisiya ifunditse kalavani yonse?

Nkhani yonse yagona pa funso limeneli, ndipo wofunsayo sanalakwe masamu. Injini ya dizilo imagawa mphamvu ya mafuta pafupifupi patatu: gawo lina limasanduka magetsi, lina limapita ndi utsi, lina limachoka kudzera pa rediyeta ndi thupi la injini. Jenereta ya makilowati 40, imene si yachilendo m'makalavani amenewa, ikagwira ntchito yolemera imataya kutentha kofanana ndi mahita a m'nyumba oposa 20. Munthu amene akunjenjemera ku Manitoba mu Januwale akaganiza zimenezi, mtima umamuwawa.

Komatu mpweya wa m'chipinda cha injini si wopuma munthu. Paipi ya utsi imagwedezeka tsiku lonse, imagwedezekanso pamsewu. Polumikizira pamamasuka, pena pamang'aluka, ndipo palibe amene amauzidwa tsiku limene zayamba. Mu utsimo muli carbon monoxide, wopanda fungo ndi mtundu, amene amakakamira magazi kuposa mmene oxygen amachitira maulendo oposa 200. Ndi mpweya womwe uja umene umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka mwezi wa Juni. Injini ya dizilo imatulutsa wocheperapo poyerekeza ndi ya petulo, koma m'kachipinda ka makiyubiki mita 30 wochepayo sachedwa kuchuluka. Onjezani kuti mu 2012 bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa WHO, linaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa.

Kutentha kwa injini kulinso ndi vuto lakuti kulibe wokuletsa. M'mawa n'kochepa, masana kwasefukira, migolo ya thovu lolimba n'kuyamba kufufuma, kompuresa n'kumadzizimitsa yokha. Ndiponso kumabwera injini ikalira, pomwe migolo imayenera kukhala itafunda kale injiniyo isanalizidwe.

Palinso china chimene ambiri sachiyembekezera. Fani ya rediyeta imakoka mphepo yambiri zedi. Ngati palibe chotchinga, mphepoyo imalowera kuchitseko chakumbuyo, kudutsa pamigolo, n'kukatulukira kutsogolo. Jenereta imene mumati ifunditsa migolo ija ndiyo ikuiziziritsa.

Yankho lake ndi khoma. Lichoke pansi mpaka kudenga, likhale lomata bwino, ndipo paliponse podutsa waya kapena paipi patsekedwe. Chipinda cha injini chikhale ndi zibowo zakezake: cholowera mphepo chokula kuposa nkhope ya rediyeta, ndi chotulukira chimene chalumikizidwa ku rediyetayo mwachindunji, mbali yosiyana, kuti mphepo yotentha isazungulire n'kulowanso. Kukula kwa zibowozi amalemba opanga jenereta. Paipi ya utsi itulukire kunja, makamaka pamwamba, kutali ndi zitseko, ndipo podutsa khoma kapena denga ikutidwe ndi zosapsa.

Amene mtima ukumuwawabe ndi kutentha kotayikako akutenge kudzera m'madzi, osati m'mphepo. Madzi oziziritsa injini angathe kudutsa m'karediyeta kakang'ono ka m'chipinda cha mankhwala, kokhala ndi fani ndi thermostat yake. Graco inapanga makina a E-30i pa nzeru yomweyi: kutentha kwa injini ndiko kumatenthetsa mankhwala, utsi osayandikira.

Alamu ya carbon monoxide yogula m'sitolo ya zam'nyumba ikwana?

Iposa kukhala opanda kanthu, koma dziwani khalidwe lake. Ma alamu a m'nyumba a ku America amatsatira muyezo wa UL 2034, umene unapangidwa kuti asamalire pachabe. Mpweyawu ukafika magawo 70 pa miliyoni, alamu imaloledwa kudikira ola limodzi mpaka maola anayi isanalire, ndipo kunsi kwa 30 imangokhala chete. Pomwe malire a pantchito a bungwe la OSHA ndi magawo 50 pa maola 8, ndipo bungwe la NIOSH limalangiza 35. Munthu angathe kugwira ntchito mutu ukuwawa, alamu ili phee pakhoma.

Yabwino ndi yoonetsa nambala, ya pantchito, yoikidwa molingana ndi mutu wa munthu pafupi ndi kathebulo kaja. Si ya pansi ayi, chifukwa mpweyawu umasakanikirana ndi mphepo, sukhazikika pansi. Kachipangizo kake ka mkati kamatha mphamvu pakapita zaka, choncho onani deti. Ndipo anthu awiri akadandaula mutu, chizungulire kapena nseru nthawi imodzi, atuluke, injini izimitsidwe, za alamu zikambidwe pambuyo.

Usiku, jenereta itazima, kalavani ifunde ndi chiyani?

Njira yoposa zonse ndi kuilowetsa m'shedi yofunda. Amene alibe shedi amailumikiza ku magetsi a pakhomo kapena a pamalo antchito.

Apa masamu amathandiza kuchepetsa chiyembekezo. Kukweza mgolo umodzi ndi madigiri 15 kumadya mayunitsi a magetsi pafupifupi awiri. Migolo inayi ndi mayunitsi 7 kapena 8. Ku America soketi wamba ya mavolti 120 imanyamula hita ya mawati 1,500 basi, ndiye kuti maola asanu, kutentha kukanakhala kuti sikuthawa kwina kulikonse. Koma kumathawa, ndipo mphepo imalowetsa kutentha mumgolo mochedwa kwambiri. Mgolo umene wabwera pa lole uli wozizira umafuna tsiku lathunthu kapena masiku awiri. Choyezera cha pakhoma chingaonetse 24 pomwe pakati pa mgolo pali 9. N'chifukwa chake odziwa ntchito amakhulupirira choyezera cha polowera mankhwala m'makina, kapena cholowetsa mumgolo momwemo. N'kwapafupi kusunga mgolo wofunda kusiyana ndi kudzutsa wozizira, motero hita sizimitsidwa Loweruka ndi Lamlungu pofuna kupulumutsa magetsi.

Hita yoyenera ndi ya mafuta otsekeredwa mkati, kapena ina iliyonse yopanda waya wofiira poyera, yokhala ndi thermostat, yomangiriridwa kuti isagwe, yotalikirana ndi migolo ndi nsanza. Kafani kakang'ono kozunguza mphepo kamathandiza kwambiri, chifukwa kutentha kumakwera kudenga pomwe mankhwala amakokedwa kuchokera pansi pa mgolo. Chingwe cha magetsi chikhale chonenepa, chachifupi, ndi chotambasula. Chokulungidwa chimatentha. Ku Britain pulagi ya maampu 13 imanyamula pafupifupi makilowati atatu, kotero kumeneko mpata ndi wokulirapo.

Kumene kulibe magetsi, ambiri amaika hita ya dizilo ya mtundu wa Webasto kapena Eberspächer, yonga ya m'malole oyenda maulendo ataliatali. Moto wake uli m'chibekete chotseka: mphepo yoyatsira imachokera kunja, utsi umabwerera kunja, mkati mumangolowa mphepo yofunda youma. Za makilowati awiri mpaka asanu sizimaliza lita imodzi pa ola. Zimafuna batire lamphamvu, ndipo paipi yake ya utsi nayo imafuna kuiona kawirikawiri.

Chinthu chanzeru chotsika mtengo ndi kachipangizo kotumiza uthenga pafoni kutentha kukatsika. Magetsi akazima pakati pa usiku, ndi bwino kudzuka 2 koloko kusiyana ndi kupeza 6 koloko kuti tsiku lonse lapita.

Nanga hita ya gasi kapena ya palafini, yoyaka poyera ija?

Isalowe. Zifukwa zake ndi zitatu, ndipo chilichonse pachokha n'chokwanira.

Choyamba ndi carbon monoxide, amene amachuluka moto ukayamba kusowa mpweya m'malo otseka. Chachiwiri ndi madzi. Kilogalamu imodzi ya propane ikapsa imatulutsa nthunzi yolemera makilogalamu 1.6, ndipo lita ya palafini imatulutsa pafupifupi lita ya madzi. Nthunziyo imakagwera pachitsulo chozizira, ndiye kuti pamigolo. Isocyanate akakumana ndi madzi amatulutsa carbon dioxide n'kusanduka zolimba zimene zimatseka masefa ndi kukanda mapampu. Mgolo wa A ukalowa madzi n'kutsekedwa umafufuma, mwinanso kuphulika. Ichi n'chifukwa chake pakabowo kake kopumira amaikapo kabotolo ka timiyala tomwa chinyezi, timene timasintha mtundu tikakhuta. Munthu amene amasamala kabotoloko masana, usiku n'kuyatsa gasi, akudzitsutsa yekha.

Chachitatu ndi lawi lenilenilo. M'kalavani muli zotsukira mfuti, zina zoyaka, ndipo nthunzi ya chotupitsa ikakhudza lawi kapena waya wofiira imasweka n'kutulutsa hydrogen fluoride, amene amawotcha mapapo.

Mabulangete a migolo ndi malamba otenthetsa n'ngothandiza?

Bulangete lamagetsi lokuta mgolo wonse, lokhala ndi thermostat, limagwira ntchito bwino chifukwa limagawa kutentha pamalo aakulu. Lamba wopyapyala ndi nkhani ina: amaotcha malo amodzi, ndipo pa B wa thovu lolimba amawiritsa chotupitsa pamzere umenewo mgolo wonse ukadali wozizira. Njira ina ndi kuzunguza mankhwala kudutsa m'mahita a makina n'kubwerera mumgolo. Pa A ndi pa B wa thovu lofewa zimathandiza m'mawa. Pa B wa thovu lolimba opanga ambiri amaletsa, kapena amalola pa kutentha kochepa kwambiri.

Ngati kupopera kumachitikira m'nyumba, chipinda cha mankhwala chifuniranji mphepo?

MDI akakhala phee mumgolo, wozizira, satulutsa nthunzi yambiri. Zinthu zimasintha akatenthedwa kapena kupoperedwa, ndipo m'kalavani zonse ziwirizi zimachitika: polumikizira paipi yotentha pamadontha, sefa imatsegulidwa, mfuti imatsukidwa, wina amayesera kupopera pakhomo penipeni. Malire a OSHA ndi magawo 0.02 pa miliyoni, osapyola ngakhale kwa kanthawi, ndipo NIOSH imalangiza 0.005 pa tsiku lantchito. Mphuno ya munthu imayamba kumva fungo malirewo atapyoledwa kalekale.

Choopsa cha isocyanate si kukomoka pomwepo. Ndi mphumu. Thupi limatha kuyamba kudana naye, kudzera m'mapapo ngakhalenso pakhungu, ndipo zikatero kachigawo kochepetsetsa kamakwana kutseka chifuwa. Ambiri amene zawachitikira ntchitoyi amaisiya, moyo wonse. Ku Britain mankhwala a gulu limeneli ali m'gulu la zoyambitsa mphumu ya kuntchito zodziwika kwambiri, makamaka kwa openta magalimoto. Ku mbali ya B, zofulumizitsa za amine zimayabwa m'maso ndi kukhosi, ndipo ena amaona ngati nyali zazunguliridwa ndi chifunga chabuluu kwa maola angapo.

Tsono mphepo ndi yofunika, koma ili ndi mtengo wake. Kalavani ya makiyubiki mita 30 yokhala ndi fani yotulutsa makiyubiki mita 300 pa ola imasintha mpweya wonse kakhumi pa ola. Kunja kukakhala madigiri 20 kunsi kwa ziro, mkati 20 pamwamba pake, faniyo imataya makilowati anayi, kuposa mahita awiri a pasoketi. N'chifukwa chake anthu amamata zibowo ndi makatoni mu Disembala n'kuiwala kuchotsa.

Chothetsa mkanganowu ndi nthawi. Usiku mulibe munthu, injini ili chete, migolo ndi yotseka: kalavani itsekedwe, ifunde. Masana munthu akalowa, fani iyake. Mgolo umene unafunda bwino sutaya kutentha kwake msanga, pa chifukwa chomwe chija chimene umachedwera kufunda, ndipo ukavala bulangete mphepo ya maola ochepa siupweteka. M'mawa zitseko zitsegulidwe kwa mphindi zingapo munthu asanalowe.

Fani yotulutsa ikhale pafupi ndi pamene zoipa zimachokera, pa kathebulo ndi pamigolo, ndipo chibowo china chikhale chakumunsi chifukwa nthunzi ya chotupitsa ndi ya zotsukira ndi yolemera kuposa mphepo. Cholowera chikhale mbali ina, kuti mphepo iyambe yadutsa munthu kenako ipite ku mankhwala. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: fani yamphamvu m'chipinda chopanda cholowera chokwanira imakoka mpweya paliponse pamene pali mng'alu, kuphatikizapo pakhoma la chipinda cha injini.

Mpweya wa wopopera mwiniwake umachokera kuti?

Wopopera m'nyumba amavala chophimba nkhope yonse chimene chimalandira mpweya kudzera m'paipi, ndipo kawirikawiri paipiyo imayambira ku kalavani. Ena amagwiritsa ntchito kapampu kapadera kopanda oyilo. Kapampuka sikasefa carbon monoxide, kamangotumiza chilichonse chimene kapeza pakamwa pake. Kakaikidwa m'kalavani, kapena panja koma kumene mphepo ikupita ndi utsi, kamapereka utsiwo pamphuno pa munthu amene ali kudenga, kutali ndi anzake. Mphepo imasintha masana, galimoto ya wina imabwera n'kuima pafupi injini ili chilirire. Pokokera mpweya payenera kuonedwa kangapo patsiku.

Ena amatenga mpweyawo ku kompuresa kudzera m'bokosi la masefa. Lamulo la OSHA limafuna mpweya wa Grade D: oxygen pakati pa 19.5 ndi 23.5 peresenti, carbon monoxide osapitirira magawo 10 pa miliyoni, carbon dioxide osapitirira 1,000. Kompuresa ya oyilo iyenera kukhala ndi alamu ya kutentha kapena ya carbon monoxide, chifukwa ikatentha kwambiri oyilo wake amapanga yekha mpweya woipawo. Apa mpamene kukonza bwino mphepo ya chipinda cha injini kumakhudza moyo wa munthu amene sali n'komwe m'kalavanimo. Masiki wamba a timasefa ta mbali ziwiri nawonso sagwira carbon monoxide.

Kontirakitala ali ndi thovu lakelake. Angopopera kalavani yake?

Ambiri amatero, ndipo n'zomveka. Thovu lolimba la masentimita atatu mpaka asanu m'makoma ndi kudenga limasintha zinthu kotheratu. Malo amene amaiwalika ndi pansi, pomwe mphepo imadutsa kunsi usiku wonse ndipo migolo yakhala pomwepo. Kunsi kupoperedwe, ndipo migolo ikhale pa thabwa, osati pachitsulo. Zitseko nazo zikhale ndi labala wabwino.

Koma thovu limayaka, ndipo utsi wake ndi wakupha. M'nyumba malamulo amafuna kuti libisike kuseri kwa chotchinga moto. M'kalavani, mmene muli injini, dizilo ndi mawaya, kulisiya poyera n'kuika moyo pachiswe. Liphimbidwe ndi malata, ndipo chipinda cha injini chikutidwe ndi zosapsa. Zozimitsira moto zikhale pafupi ndi zitseko, pamene dzanja lingafike munthu ali panja.

Ngozi ina imachokera ku zinyalala. Thovu likamapangika limatulutsa kutentha, n'chifukwa chake lolimba lambiri salipopera mopitirira masentimita asanu pa ulendo umodzi. Chibuluma chachikulu choyesera mfuti m'thumba la pulasitiki chimasunga kutenthako mkati, ndipo chingayake chokha patapita maola. Chidulidwe, chizizire panja, chisagone m'kalavani. Chimodzimodzi isocyanate wotayika amene wawoleredwa ndi utuchi kapena mchenga: chidebe chake sichitsekedwa kwa masiku awiri kapena atatu, ndipo chimakhala panja.

M'chilimwe mavuto amatha?

Amangotembenuka. Kalavani yoimikidwa padzuwa ku Arizona kapena ku Texas imatentha mkati kuposa panja, migolo ya thovu lolimba n'kupyola malire isanakwane 10 koloko. Thovu la m'makoma lija limathandizanso apa, pamodzi ndi penti yoyera, mthunzi, ndi makina oziziritsa a padenga onga a m'makalavani ogonamo, amene ambiri ndi a makilowati anayi. Ku Florida ndi ku Louisiana mdani wamkulu ndi chinyezi: timiyala ta pamgolo wa A timakhuta msanga, ndipo thanki ya kompuresa imafuna kukhetsedwa madzi tsiku lililonse. Khoma lija limapindulitsanso, chifukwa makina oziziritsa sangalimbane ndi jenereta m'chipinda chimodzi.

Wantchito wamba, amene kalavani si yake, angachitepo chiyani?

Choyamba adziwe kuti maphunziro alipo ndipo m'madera ena ndi lamulo. M'mayiko a European Union, kuyambira pa 24 Ogasiti 2023, aliyense wogwira mankhwala a diisocyanate pantchito ayenera kukhala ataphunzitsidwa. Ku Canada kupopera thovu lolimba kumatsatira muyezo wa CAN/ULC S705.2, ndipo wopopera amakhala ndi chiphaso. Ku United States mabungwe a SPFA ndi CPI ali ndi maphunziro awo. Mlendo amene wangofika kumene m'dziko n'kupeza ganyu yothandizira wopopera ndiye amene amatumidwa kukasintha migolo ndi kutsuka masefa, ndiye kuti amakhala m'kalavani nthawi yaitali kuposa wina aliyense, ngakhale kuti zovala zabwino zimapita kwa wogwira mfuti.

Ali ndi ufulu wopempha pepala la chitetezo la mankhwala aliwonse amene ali m'menemo. Angathe kufunsa kuti alamu inayesedwa liti, n'kuona ndi maso ake ngati pali mwaye wakuda polumikizira paipi ya utsi, chizindikiro chakuti ikutulutsa. Magolovesi a nitrile ndi magalasi azivala ngakhale pa ntchito ya mphindi ziwiri. Chakudya ndi tiyi zisalowe m'chipinda cha mankhwala, ngakhale kuti ndi malo okhawo ofunda pamalo onse antchito, ndipo kugonamo masana ndiye kosayenera n'komwe. Aonenso botolo lotsukira m'maso, chifukwa m'kalavani imene yagona osafunda madzi ake amaundana. Chifuwa chikayamba kulira usiku, kapena akamatsokomola masiku antchito n'kupeza bwino Lamlungu, apite kuchipatala msanga ndipo akatchule dzina la mankhwalawo kwa dokotala.